Deti ya m'buku lakuchipatala: mukalephera kupita, muchite bwanji?

[Dzanja likutsegula buku lakuchipatala lakale, chikuto chake chomata ndi selotepi. Chapatali kukumveka mabelu a kabaza.]

Muli bwanji amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, kulikonse kumene mukutionera. Tili kuno ku Zomba, phiri lathu ndi ili kumbuyo kwangaku. Buku mukulionali ndi la mayi anga. Akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka 6 tsopano, ndipo gadiyani wawo ndine. Taonani m'munsi mwa tsambali. Zapamwambazi ndi zolemba za adokotala, zija timangoziyang'ana osatha kuziwerenga. Koma apa pozunguliridwa ndi bolopeni yofiira pali deti. Nkhani yathu lero yagona pa deti imeneyi.

Achibale amene ali ku UK amatiuza kuti kumeneko munthu amalembetsa kwa dokotala wa m'dera lake, amene amamutcha GP, ndipo akadwala amayamba waimba foni kapena kulemba pa intaneti kuti ampatse tsiku ndi ola. Kwathu kuno ukadzuka thupi likuphwanya sufunsa munthu. Umatenga buku, kulawirira ku Matawale, ku Sadzi, ku Domasi kapena kulikonse kuli pafupi, n'kukakhala pamzere. Ndiye ambiri timangoti zosungitsa tsiku n'zakunja. Ayi ndithu, kunonso zilipo. Kungoti tsikulo amatisungira ndi achipatala, n'kutilembera m'bukumu.

Mayi woyembekezera ali ndi deti ya sikelo. Malangizo a masiku ano akuti aonane ndi achipatala maulendo 8 asanachire, ulendo woyamba mimba isanapitirire miyezi 3. Mwana ali ndi deti ya katemera: akakwanitsa masabata 6, kenako 10, kenako 14, ndipo wa chikuku amabaya pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Wa jakisoni wolera amabwerera miyezi 3 ikatha. Wa TB, wa shuga, wa khunyu, wa ma ARV, wolandira mankhwala a matenda a maganizo, aliyense ali ndi tsiku lake.

[Pafupi: mapilisi m'kapepala ka pulasitiki, chala chikuwerenga.]

Deti imeneyi sailota. Namwino amawerenga mapilisi amene wakupatsani, n'kuona tsiku limene athere, n'kukulemberani kuti mubwere asanatheretu. Amaonanso tsiku la kiliniki, chifukwa m'zipatala zambiri a BP ndi shuga ali ndi tsiku lawo pa sabata, a sikelo lawo, a maso lawo. Mukapita tsiku lolakwika mupeza chitseko chomwecho, koma munthu wodziwa za matenda anu ali kwina.

Nanga mukaona kuti tsikulo simutha? Moyo wakwathu timaudziwa. Kugwa maliro. Mvula igwa usiku wonse, Likangala kusefukira, kabaza kukana kuoloka. Wina ndalama ya minibasi yasowa, wina abwana amukaniza kuchoka. Anthu a pachilumba cha Chisi amadalira bwato kuti afike pa Kachulu, ndipo mphepo ikavuta pa Chilwa ulendo wafa. Zonsezi achipatala amazidziwa, nawonso ndi anthu a konkuno.

Chimene ndaphunzira ine n'chakuti kulawirira kumaposa kuchedwa. Ngati mukudziwiratu kuti sabata yamawa mukhala kumunda ku Chingale kapena muli ndi ulendo wa ku Lilongwe, pitani pa tsiku la kiliniki la sabata ino, mukafotokoze. Ine sindinaonepo namwino akubweza munthu chifukwa chobwera mankhwala asanathe. Amene amavutitsa mtima wawo ndi uja wobwera patatha mwezi, mankhwala anatha kalekale.

Ndinaphunzira movutika. Chaka china kunagwa maliro a malume kumudzi, chakumaderako a Jali, m'nyengo ya dzinja. Mayi anapita, ndipo monga mlongo wa malemu sakanachoka msanga. Deti inadutsa ali pasiwa. Mapilisi anatha. Nditawaimbira foni anandiyankha kuti, "Iwe usade nkhawa, ine ndikupeza bwino, mutu sukupweteka." Inenso ndinavomera, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti ndinavomera. Patapita masabata atatu anadzuka m'mawa maso akuona zachimbuuzi, khosi lauma, akuyenda ngati pansi pakupendekeka. Titafika kuchipatala namwino anawamanga kachipangizo pamkono, n'kuyang'ana manambala, n'kubwerezanso kachiwiri osanena kanthu. Kenako anatembenukira kwa ine, osati kwa mayi, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, bukuli amasunga ndani?"

BP ndi yotero. Sichenjeza. Manambala akamakhala pa 140 ndi 90 kapena kupitirira apo, magazi akuthamanga mopyola muyeso ngakhale munthu akuseka ndi kulima bwinobwino, ndipo mapeto ake akhoza kukhala sitiroko kapena kuwonongeka kwa impso. Mayi anapulumuka. Ena amene tinkakhala nawo pabenchi lomwelo pano akuyendera ndodo.

A ma ARV, mvetserani apa. Ambiri tsopano mukulandira mankhwala a miyezi 3, ena mpaka 6, ndiye deti imatalikira, n'kuiwalika mosavuta. Kudukiza mankhwalawa kumapatsa kachilombo mpata wochulukananso m'magazi ndi kuyamba kupima mphamvu ndi mankhwalawo. Maliro kapena ntchito zikakupezani kutali, musadikire kubwerera ku Zomba. Lowani pachipatala chilichonse chopereka ma ARV, onetsani buku lanu, akhoza kukupatsani oti akufikitseni kwanu. Ngati mukusamukiratu, tengani kalata ya thiransifa musanakwere galimoto. Ndipo amene munalembetsa gadiyani, iyeyo akhoza kukakutengerani nthawi zina, koma tsiku lotenga magazi oyeza kuchuluka kwa kachilombo simungatume munthu. Mkono ndi wanu womwewo. N'chimodzimodzi BP ndi shuga: mwana wanu akhoza kunyamula mapilisi, koma sangayezedwe m'malo mwanu.

Mayi amene mwaphonya katemera wa mwana, musachite manyazi n'kukhala pakhomo. Sayambiranso poyamba, amangopitiriza pamene munalekezera.

Ndinenepo chilungamo. Tinapitapo pa deti yake yeniyeni, titalipira kabaza, titakhala pamzere kuyambira mbandakucha, n'kuuzidwa pawindo kuti mankhwala amenewo atha, tikagule ku famase. Zimawawa, ndipo mayi anati ulendo wina sapitanso. Komabe tsiku limenelo anayezedwa, adokotala anasintha mlingo wa mankhwala, n'kutilembera dzina lake bwinobwino. Tikanakhala kunyumba tikanakagula akale aja pa mlingo wakale.

[Chithunzi cha geti ya chipatala chachikulu chapatali, anthu akulowa atanyamula mitolo ndi mabeseni.]

Pali deti ina yolemera kuposa zonsezi, ya ku Zomba Central Hospital kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mukatumizidwako ndi kalata kuti mukaonane ndi dokotala wamkulu kapena mukachitidwe opaleshoni. Malo a kufiyeta ndi owerengeka. Dzina lanu likalembedwa pa tsikulo, pali mnzanu wina wa chophukacho chomwecho kapena ng'ala yomweyo amene wauzidwa kuti adikire. Inu mukangosowa osanena, bedi lija ligona lopanda munthu, iye akubuula kumudzi. N'chifukwa chake pamene akukulemberani deti funsani pomwepo kuti, "Ndikalephera ndiuze ndani, pa nambala iti?" Lembani nambalayo mkati mwa chikuto cha buku. Ngati nambala palibe, tumani wachibale wa mutauni apite ndi uthenga ku wodi kapena ku kiliniki imene inakulembani. Ndipo mukaimba musangoti "sinditha" n'kudula. Musachoke pa foni musanapatsidwe tsiku lina.

Kuzipatala zolipira za mutauni muno ndiye kumene munthu amasungitsa yekha nthawi, pa foni kapena pa WhatsApp, makamaka kwa dokotala wa mano kapena dokotala wamkulu wobwera masiku owerengeka. Nenani dzina, vuto lanu mwachidule, ndipo funsiranitu mtengo ndi ngati amalandira khadi lanu la inshulansi. Mukasintha maganizo auzeni dzulo lake. Kufulasha si kuuza munthu. Zipatala za mishoni monga St Luke's ku Malosa ndi Pirimiti nazo zimalipiritsa, choncho pa deti yanu konzani kangachepe.

Tsopano funso limene ambiri mumatifunsa: agogo afooka, sangakwere njinga, kodi adokotala sangabwere kunyumba? Ku UK kuja GP amatha kuyendera wodwala amene sangathe kutuluka m'nyumba. Kuno madokotala ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi odwala, ndiye musayembekezere kuti wa pachipatala cha boma asiya mzere wa anthu n'kukwera njinga kubwera kwanu. Koma si kuti pakhomo sipafika munthu.

[Mlangizi wa zaumoyo wa yunifolomu yabuluu akutsika panjinga, mayi akumuyalira mkeka.]

Woyamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amene ena amangoti HSA. Iyeyu ndi amene amayendera mayi wongochira kumene ndi khanda lake, kuona mchombo, kuona ngati mwana akuyamwa. M'midzi yakutali ndi chipatala ena mwa iwo amakhala ndi kachipatala ka m'mudzi kothandiza ana osakwana zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Si dokotala, ndipo wodziwa ntchito yake amakuuzani yekha kuti izi zandipitirira, thamangani. Koma ndi iyeyo amene amadziwa khomo logogoda. Ngati simukumudziwa wa kwanu, funsani amfumu, akulozerani.

Palinso anamwino ndi anthu odzipereka osamalira odwala matenda okhalitsa monga khansa, amene amathandiza kuchepetsa ululu, kutsuka zilonda ndi kuphunzitsa apabanja kutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda za pamphasa. Amenewa sabwera pongowaitana panjira. Wodwala amayamba waonedwa kuchipatala n'kulembedwa m'kaundula wawo. Choncho ulendo umodzi wovutawo, wobwereka galimoto kapena wonyamulana, upangeni ndithu, ndipo muli komweko funsani ngati wodwala wanu angalembedwe kuti aziyenderedwa. Akakuuzani tsiku lobwera, pakhomo pakhale munthu wamkulu, buku ndi mapaketi onse a mankhwala zili poyera, galu womangirira. Wodwala akagonekedwa kuchipatala, kapena Mulungu akamutenga, atumizireni uthenga. Ena mwa anthuwa amapalasa njinga mtunda wautali dzuwa lili pamutu.

A kukiliniki ya ma ARV nawo amatsatira munthu akasowa, poyamba pa foni, kenako kunyumba, ngati munavomera pamene munkalembetsa. Sabwera kudzakuyalutsani. Ngati simufuna kuti afike pakhomo, njira yake ndi kuwapatsa nambala yogwira ndi kuyankha akaimba.

Usiku, mukasowa wofunsa, kuli Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumalankhula ndi wachipatala kwaulere, iye n'kukuuzani ngati mungadikire kuche kapena munyamuke. Nambala yake itengeni kwa mlangizi wanu, muisunge mufoni lero lomwe.

Koma pali zina zosafunsira pa foni, zosadikira deti, zosadikira mlangizi. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo n'kuchita dzanzi mbali imodzi, mawu osamveka. Mayi woyembekezera akataya magazi, kapena mutu ukamuwawa kwambiri maso n'kuchita mdima. Mwana akakomoka, akakana kuyamwa, akamapuma nthiti zikulowa mkati. Munthu akabanika pachifuwa. Pamenepo ngakhale m'buku mwalembedwa mwezi wamawa, deti yake ndi ola lomwelo. Pezani chokwera, ndipo pachipatala chaching'ono akaona kuti zawakulira ndi iwo amene amaitana ambulansi.

[Kubwerera ku buku lija. Kenako khoma la m'nyumba, kalendala ya mpingo, tsiku limodzi lozunguliridwa.]

Kwathu tsopano timachita chonchi. Tikangofika kuchokera kuchipatala, tisanatereke n'komwe madzi a tiyi, mdzukulu wa mayi amatenga buku n'kukopera deti pa kalendala iyi. Ine ndimaika alamu mufoni kutatsala masiku atatu, kuti ndalama ya kabaza ipezeke. Buku limagona m'jumbo, m'chikwama chomwe mayi amatenga popita kumaliro. Mwezi uno deti yawo yagwera Lachinayi, ndipo Loweruka lake kuli chinkhoswe kumudzi. Anyamuka Lachisanu.