Munda uli bwino, nanga mwini munda?

Luka 13:8

Mwadzuka bwanji abale? M'fanizo la Yesu pa vesi limeneli, wolima adapempha mwini munda kuti asadule mkuyu wosabala, auleke chaka china kuti aukumbire ndi kuuthira manyowa. Inu amene muli ndi mwana yemwe adapita osatembenuka, pitirizani kukumbira mtengo wanu. Koma idyani kaye.

M'nthano zakale za Agiriki muli nkhalamba ina, Laertes, mfumu yopuma ya pachilumba cha Ithaca. Mwana wake Odysseus adapita kunkhondo ku Troy, zaka 20 osabwera. Mkazi wa mkuluyu, Anticleia, adamwalira ndi chisoni. Iye adachoka kunyumba yachifumu n'kukakhala kumunda, nyengo yozizira n'kumagona paphulusa pafupi ndi moto pamodzi ndi antchito.

Atabwerako, mwanayo adapeza bambo ake atawerama, akukumbira kamtengo. Malaya azigamba, zikopa m'miyendo ndi m'manja kuopa minga, chipewa cha chikopa cha mbuzi kumutu.

Kukumbira mtengo, monga adapempha wolima uja wa pa mkuyu, kuli ndi malamulo ake. Simukumba patsinde. Mumakumba mozungulira pomwe pathera mthunzi wa masamba, chifukwa timizu tomwe timamwa tili pamenepo. Khasu lisalowe kwambiri, lingadule timizuto. Manyowa akhale owola bwino, osanunkhanso. Ndowe yaiwisi imatentha mizu, masamba n'kuyamba kupserera m'mphepete. Mukaphimbira ndi udzu, siyani mpata ngati chikhatho kuzungulira tsinde, apo ayi khungwa liola, chiswe n'kupeza njira. Ndipo zipatso si za mawa. Wolima uja adapempha chaka chathunthu.

Zonsezi Laertes ankazidziwa. Mwana wake, asanadziulule, adamuuza kuti m'mundamo mulibe mtengo wosasamalidwa, mkuyu, mpesa kapena azitona, koma wosasamalidwa ndi mwini wake. Apa mpomwe pakubaya. Mapemphero a usiku simuphonya, foni simuisiya kutali, ya sukulu ya adzukulu mumathamangira. Nanga mankhwala anu aja mudamwa liti? Mudaseka liti? Bambo, mayi, inunso ndinu mtengo m'munda wa Mulungu. Kudzizunza ndi ndowe yaiwisi, sikubweza mwana, kumangotentha mizu.

Nkhalamba itafuna chizindikiro choti ndi mwana wakedi, mwana adaonetsa chipsera cha nguluwe pamwendo. Kenako adawerenga mitengo yomwe bambo ake adampatsa ali kamnyamata, akuwatsata m'munda n'kumafunsa dzina la uliwonse: mapeyala 13, maapozi 10, mikuyu 40, ndi mizere 50 ya mpesa yomwe adamulonjeza. Zaka zonsezo kunkhondo ndi panyanja, chiwerengero sichidachoke m'mutu. Zomwe mudauza mwana wanu akukutsatani pambuyo, vesi lija, nyimbo ija, zikadalimo. Kumbirani, osadula mizu ndi mawu aukali akaimba foni.

Mawondo a Laertes adagwedera, mwana n'kumuwakha. Atafika kunyumba, mayi wokalamba wa ku Sicily yemwe ankamusamalira adamusambitsa, kumudzoza mafuta, n'kumuveka chovala chabwino, kenako adakhala pansi kudya.

Tenthetsani madzi, abale. Khasu lidikire pang'ono.