Mapu a chisankho cha ku Germany cha 2025: mitunduyo isakupusitseni

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili ndi mapu aja amene anazungulira pa intaneti chisankho cha aphungu cha ku Germany chitatha pa 23 February 2025. Kumadzulo kuli bii, mtundu wa mgwirizano wa zipani za CDU ndi CSU (CDU/CSU). Kum'mawa kuli buluu yekhayekha, mtundu wa AfD, chipani chodana ndi kubwera kwa anthu ochokera kunja. Musachoke, chifukwa zimene ambiri akunena za mapuwa, zoti AfD ndi chipani cha kum'mawa kokha, sizoona.

Choyamba, mwachangu. Ku Germany munthu amavota kawiri: voti ina ndi ya phungu wa dera, madera ake 299, ina ndi ya chipani, ndipo iyi ndi imene imagawa mipando 630 ya mu Bundestag, nyumba ya malamulo ya dzikolo. Chipani chosafika 5 peresenti nthawi zambiri chimatsala panja. Zipani za FDP ndi BSW zinagwera pomwepa.

Chachiwiri, zotsatira za mavoti a chipani. CDU/CSU 28.5 peresenti, AfD 20.8, chipani cha SPD 16.4. AfD inatsogola m'zigawo zonse zisanu zimene zinali East Germany dzikoli lisanagwirizanenso mu 1990. Ku Thuringia, chimodzi mwa zigawozi, inafika 38.6. Izi ndi zoona, sindikukana.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Anthu akuti, "AfD ndi chipani cha kum'mawa basi, kumadzulo kulibe." Bodza limenelo! Tiyeni tiwerengere limodzi. Zigawo zisanu za kum'mawa zija, kuziphatikiza zonse, zili ndi anthu pafupifupi 12 miliyoni ndi theka. Chigawo chimodzi chokha cha kumadzulo, North Rhine-Westphalia, chili ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni. Chimodzi chokha! Ndiye AfD ikapeza 16.8 peresenti kumeneko, 19 peresenti ku Bavaria, ndi pafupifupi 20 ku Baden-Württemberg, mukuganiza kuti mwa mavoti ake opitirira 10 miliyoni aja ochuluka anachokera kuti? Kumadzulo komweko, kumene pamapu pali bii.

Onani pa sikirini apa, ndakulitsa. Kadontho kabuluu aka pakati pa kumadzulo ndi mzinda wa Gelsenkirchen. Aka kena ndi Kaiserslautern. M'madera awiriwa AfD inatsogola pa mavoti a chipani. Pa mapu aang'ono a pafoni simungakaone n'komwe.

Mwa njira, ambiri mwa inu mumaonera osadina batani la subscribe. Dinani pano, ndi belu lomwe, zimatithandiza kwambiri.

Tibwerere. Vuto la mapu otere ndi loti amene watsogola amatenga mtundu wonse, ngakhale atapambana ndi mavoti ochepa chabe. Ku Thuringia kuja, 38.6 ikutanthauza kuti pa anthu 10 alionse amene anavota, 6 sanavotere AfD. Anthu amenewo pamapu ali kuti? Afufutika. Ndipo minda ndi nkhalango zimatenga malo aakulu papepala, pamene mzinda wodzaza anthu umaoneka ngati kanjere. Berlin, likulu la dzikoli, amene ali pakatikati pa kum'mawa, anatsogoza chipani cha Die Linke.

Chachinayi, kusiyana kulipo ndithu. Malipiro kum'mawa akadali otsika, ndipo achinyamata ambiri anasamukira kumadzulo pambuyo pa 1990. Koma pa mavoti, kusiyana kwake n'kwa maperesenti chabe, AfD ili mbali zonse ziwiri.

Sabata yamawa tikambirana za anthu 23 amene anapambana m'madera awo koma sanalowe mu Bundestag. Zinatheka bwanji? Lembani maganizo anu m'munsimu, ndiwerenga onse.