Voyisi ya a tcheya ku gulu lathu la banki m'khonde

Moni amayi ndi abambo nonse, ndine tcheya wanu, pepani ndikujambula ndili pamsika ndiye phokosoli mungolipirira. Nkhani ndi ya Lachinayi lija. Tinakhala maola awiri pansi pa mango paja kulimbana za chiwongoladzanja, uyu akuti 10 peresenti uyo akuti 20, mapeto ake anawina ndi a mawu aakulu, enanu nkumakadandaulira kunjira pobwerera. Zimenezija zithe.

Kuyambira sabata ino tizipanga chonchi. Amene ali ndi nkhani awauziretu alembi ilowe m'kope, osati kuitulutsa titakhoma kale bokosi. Tikakumana alembi aziyamba aitana mayina, tilipo 24, tikapanda kukwana 16 za malamulo sitikamba, tingoponya masheya nkumapita.

Mwini nkhani afotokoze kaye, kenako tizizungulira mmene takhaliramo, aliyense mphindi imodzi, wolankhula ndi yekhayo wagwira chipande chomwe ndibweretse. Ife akomiti tizilankhula kumapeto, chifukwa ndaona ine, asungichuma akangotsegula pakamwa ena mumangoti eya eya pomwe mumtima mukukana.

Tikamvana basi, alembi alembe. Zikavuta tivota, koma zokweza manja ayi, ndani angakweze mkono kutsutsa apongozi ake ali pompo akumuyang'ana? Tiika timatumba tiwiri kuseri kwa mtengo, kofiira ndi kobiriwira, aliyense alandire kamwala kamodzi azipita yekhayekha kukaponya, ngati mmene tinasankhira komiti muja. Owerenga ndalama awiri aja akhuthule pamphasa tonse tikuona, miyala ikachuluka kuposa anthu ndiye kuti wina wachita ukathyali, tiyambiranso. Nkhani wamba, kwachuluka miyala ndi komweko. Koma yosintha malamulo, monga chiwongoladzanjachi kapena chindapusa cha ochedwa, pafunika anthu awiri mwa atatu alionse avomere, ndipo ikadutsa isadzukenso mpaka tigawane.

China, lamulo lija loti ngongole isapitirire katatu pa masheya ako silovotera ayi, kaya ndi mchemwali wanga kaya ndine ndemwe. Wavuto la maliro kapena matenda ali ndi thumba la zadzidzidzi, ndi ntchito yake imeneyo.

Osunga makiyi atatu inu chonde 2 koloko ikupezeni pamalo, mmodzi akachedwa tonse timangoliyang'ana bokosi. Miyala nditola ndekha kudambo, wina asabwere ndi yake m'chitenje. Amene mulibe WhatsApp anzanu akumvetsereni. Bandulo ikutha, tionana Lachinayi.