Malonda achilungamo amayambira pa sikelo

A gulupu, mafumu nonse, a khansala athu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Ndilankhula za mpunga, poti kuno ku Lifuwu ndiwo umatisunga, koma inu a ku Senga Bay ogulitsa usipa mumvetsere, ikukukhudzaninso.

Mukudziwa mmene zimakhalira tikakolola. Venda wafika pa njinga yamoto, wapachika sikelo pa nthambi ya mango, anthu afola ndi matumba. Thumba loti mwalidzaza nokha mpaka kuvuta kusoka, pa sikelo yakeyo likupepuka. Mukafunsa, yankho n'lakuti ngati simukufuna bwererani nalo. Angabwerere nalo ndani, mwana atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi? Wina sikelo alibe n'komwe, wabwera ndi ndowa yomenyedwa kunsi kuti izilowa wambiri, ndipo akufuna mudzaze mpaka usongoke. Ndiye pali uja amabwera mu Febuluwale njala itafika posauzana, n'kukupatsani kandalama kuti mudzamupatse thumba lathunthu pokolola. Ameneyo ndi katapila, tisamutchule dzina lina.

Alipo alimi anzathu amene anatulukamo. Ku Chikwawa, alimi a nzimbe a Kasinthula analowa m'ndondomeko ya Fairtrade, ya malonda achilungamo pakati pa alimi ndi ogula akunja, mu 2002. Pa tani iliyonse ya shuga yogulitsidwa m'ndondomekoyi, pamwamba pa mtengo pamabwera madola 60 a ku America. Ndalama imeneyo alimi amakhalirana pansi n'kugwirizana ntchito yake, ndipo kumeneko anakumbira mijigo, anakokera magetsi kumudzi. Koma mumve bwino: Fairtrade salembetsa mlimi wamng'ono payekha. Amafuna gulu lolembetsedwa, losankha atsogoleri ake, lokhala ndi mabuku oti membala aliyense atha kuwaona. Ndiye ngakhale mpunga wathu wa Kilombero usanaganiziridwe zopita kunja, poyambira m'pomwepo, pokhala pa gulu.

Tsopano a khansala, pano ndikhalitsepo. Chaka chilichonse unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Ambiri timangoimva pa wailesi, tikafika pa sikelo taiwala. Bwanji osaimata pa msika, pa sukulu ndi pa bwalo la a mfumu, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu? Ntchito yoyesa masikelo ndi ya a Malawi Bureau of Standards, ndipo sikelo yoyesedwa amaiika chizindikiro. Khonsolo itha kuwaitana kukolola kusanayambe, osati mpunga utatha m'midzi. Khonsolo yomweyo ili ndi mphamvu yopanga malamulo a m'boma lino, ndiyonso imatolera ziphaso za msika. Ikhazikitse malo odziwika ogulira mbewu, okhala ndi denga ndi sikelo imodzi yoyesedwa, ogula onse azibwera pamenepo ataonetsa chiphaso chawo. Ndalama ya ziphaso imene amayi amapereka tsiku ndi tsiku ioneke ntchito yake pa zimenezi.

Palinso china chimene sitichiganizira. Masukulu ogonera konko ndi zipatala amagula chakudya chaka chonse. Atamagulako kwa makopaletivi athu, ndalama ija izizungulira konkuno.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Tisathire mchenga kapena mpunga wosauma pansi pa thumba, chifukwa wogula akapsa kamodzi amatsitsa mtengo wa mudzi wonse. Tizisonkhanitsa mpunga, tipunthitse, tigulitse limodzi. Wopuntha umadula kuposa wamakoko, ndipo wogula matumba ambiri pamalo amodzi amamva tikatchula mtengo. Mafumu, chonde musalole munthu kupachika sikelo m'mudzi mwanu musanaone chiphaso chake. Wina akakuberani, kanenani kwa alangizi kapena kupolisi. Liliponso bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomva madandaulo a zamalonda.

Pempho langa kwa a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) n'lakuti nkhani ya malo ogulira mbewu ndi kuyesa masikelo mukaitule ku komiti ya chitukuko cha dera lonse (ADC) pa msonkhano ukubwerawu, kuti ikafike ku khonsolo mpunga usanache. A khansala, mwamva nokha. Amene ali ndi funso aimike dzanja.