Mbatatesi Zimene Agogo Ankaiwala M'nthaka

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Rute 2:15-16. Amene muli ndi nthawi muwerengenso Deuteronomo 24:19.

Kuno ku Tete dzuwa latuluka kale ndi ukali wake, koma ine mtima wanga wadzukira ku Angónia, kumene kumazizira mpaka zala kukanika kugwira khasu. Ndili mwana, sukulu ikatsekera amayi ankandikweza chapa kupita kwa agogo. Tinkaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama, ndipo galimoto ikayamba kukwera zitunda amayi ankatulutsa juzi m'thumba. Pofika pa Ulongué mphepo inkakhala itandiuza kale kuti kwathu kwayandikira.

Zinali zaka zochepa chitathere nkhondo ya pachiweniweni ya kuno ku Mozambique. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu ankabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu mabanjamabanja, ena ndi mbuzi imodzi, ena ndi mtolo wa pamutu basi. Agogo anga anali m'gulu la amene anabwerera msanga, choncho dimba lawo linali litayamba kale kubereka pamene anzawo ena ankangozula zitsa.

Tsiku lina tinkakumba mbatatesi. Agogo aakazi anali patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi dengu. Titafika mizere yakumapeto, yoyang'ana kunjira, ndinaona kuti akukumba mwachibwana. Ankangokanda pamwamba, kutola ziwiri zitatu, n'kudumphira phando lina. Ine ndinapisa dzanja m'dothi ndipo ndinatulutsa zikuluzikulu, zoposa nkhonya yanga.

"Agogo, mwaiwala izi!"

Anatembenuka, n'kuyang'ana kunjira kaye asanandiyankhe. Kenaka anati motsitsa mawu, "Bwezera momwemo mdzukulu wanga, ukwirire bwino. Zili ndi mwini wake zimenezo."

Ndinakwirira, koma mtima unandiwawa. Ndinkadziwa mmene ankavutikira kuthirira dimba lija ndi kheni, chiuno chikuwapweteka.

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke, ananditumanso kudimba kukatenga mpiru. Ndinapeza mayi wina atagwada m'mizere ija, mwana ali kumbuyo, akufukula ndi kamtengo. Anali wamasiye amene anabwerera mochedwa n'kupeza kuti alibe pogwira. Atandiona anadzidzimuka ngati wagwidwa. Agogo anali akubwera pambuyo panga, ndipo mawu amene ananena ndimawamvabe mpaka lero: "Mwatithandiza mayi. Ife maso anatha, zikanangowolera m'nthaka. Kunkhani ndithu, ndipo mawa mubwerenso."

Mayi uja anawomba m'manja, napitiriza ntchito yake mutu uli m'mwamba.

Agogo aakazi sankadziwa kuwerenga. Baibulo ankawerenga ndi agogo aamuna madzulo, pa kuwala kwa koloboyi, iwo akukonola chimanga chapafupi. Koma zimene ankamvazo zinkatsikira m'manja mwawo. Patapita zaka zambiri, iwo atagona kale, ndinakumana ndi dimba lawo lija m'buku la Rute.

Tamvani mmene nkhaniyo ilili. Rute anali mlendo wochokera ku Mowabu, wamasiye, wofika ku Betelehemu ndi apongozi ake a Naomi nthawi yoyamba kukolola barele. Lamulo la Mulungu linkamulola kale kukunkha. Pa Levitiko 19:9-10 Aisraeli anauzidwa kuti asamakolole mpaka m'mphepete mwa munda, ndipo asamatole khunkha, azisiyira osauka ndi alendo. Deuteronomo akuwonjezera kuti ukaiwala mtolo m'munda usabwerere kukautenga, ukhale wa mlendo, mwana wamasiye ndi mayi wamasiye. Boazi, mwini munda umene Rute ankakunkhamo, akanatha kungotsata lamulolo n'kukhala wosalakwa. Iye anapitirira pamenepo. Anauza anyamata ake kuti azisolola dala ngala zina m'mitolo n'kumazigwetsa kuti Rute atole, ndipo asamukalipire kapena kumuchititsa manyazi.

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Boazi anali munthu wachuma. Akanafuna akanayitana Rute pamaso pa antchito onse n'kumusenzetsa thumba lodzaza, anthu n'kuyimba nthungululu. Koma anasankha kuti mayiyu abwerere kwa apongozi ake madzulo ndi barele amene watola yekha ndi kupuntha yekha. Njala yake inatha, ulemu wake unatsala. Ndipo Rute yemweyu ndi amene anabala Obedi, agogo ake a mfumu Davide.

Abale anga, kupatsa timapatsa ndithu, sindikukana. Koma nthawi zambiri timapatsa mokuti wolandirayo achoke atawerama. Timamufunsa mafunso khumi asanalandire ndiwo za tsiku limodzi. Timamukumbutsa chaka chamawa. Masiku ano tafika pomujambula n'kumuika pa Facebook atanyamula kathumba ka ufa, nkhope ili pansi. Ine ndemwe ndinachitapo zimenezi pamene gulu lathu linakachezera odwala, ndipo nditabwerera kunyumba n'kuyang'anitsitsa chithunzicho ndinaona maso a bambo wina amene sanafune kujambulidwa. Ndinachichotsa, koma anthu anali atachiona kale. Ndinapempha Mulungu kuti andikhululukire, ndipo ndinakumbukira agogo akuyang'ana kunjira asanalankhule, kuopa kuti wina angamve.

Ambiri a ife kuno kutauni tilibe dimba. Koma mphepete mwa munda aliyense ali nawo. Mayi wogulitsa tomato pamsika amene wakhala padzuwa la Tete kuyambira m'mawa, kodi n'koyenera kulimbana naye mpaka atsitse mametikali asanu omwe iwe sungawamve n'komwe? Mwana wa aneba amene amafika pakhomo nthawi yeniyeni yomwe nsima ikuphulidwa, ungathe kumuuza kuti wabwera bwino chifukwa yachuluka ndipo ikanatayika. Mnzako wa kuntchito ku Moatize amene wati wadya kale, iwe ukudziwa kuti sanadye, muuze kuti wekha sumaliza. Mbale wako akafuna thandizo koma manyazi akumugwira, mupatse kaganyu kakang'ono n'kumulipira koposa. Anthu sangakuyamike pa zoterezi, chifukwa sadziwa n'komwe kuti wachita kanthu. Ambuye Yesu pa Mateyu 6:3-4 anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, ndipo Atate amene amaona zobisika ndiye adzabwezera.

Mayi wamasiye uja anadzapeza munda wake patsogolo pake. Agogo atamwalira, iye ndi amene anayamba kufika pasiwa kusanache, atasenza mtolo wa nkhuni, ndipo sanachoke mpaka tsiku lomaliza. Ine sindinamuuze za mizere ija. Iyenso sananene kanthu, koma potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, zikomo chifukwa cha tsiku latsopanoli, ndiponso chifukwa cha agogo athu amene anatiphunzitsa za Inu ndi manja awo. Lero pamene tikupita kumsika, kumunda, kusukulu ndi kuntchito, tionetseni munthu amene akukunkha pambuyo pathu. Tigwireni pakamwa kuti tisamuchititse manyazi. Kumbukirani amasiye ndi alendo a m'midzi yathu, kuyambira ku Tsangano, Dómuè, Furancungo mpaka kuno m'mbali mwa Zambezi. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu. Ameni.