Fayilo ya mawu ikakana kulowa mu pulogalamu yokonzera vidiyo

[Pa sikirini: pulogalamu yokonzera vidiyo. Fayilo ya mawu ikukokedwa kupita pa timeline, mzere umene timayalapo zithunzi ndi mawu, koma ikubwerera.]

Mwaona? Ndakoka fayilo, yakana. Ndikokenso... yakananso. Chonsecho fayilo yomweyi ndikaitsegula pa foni ikumveka bwinobwino. Takulandirani nonse. Musanafufute pulogalamu yanu ndi mkwiyo, khalani kaye pansi tione chimene chikuchitika mkati mwa fayiloyi.

[Pa sikirini: envulopu, mkati mwake muli kalata.]

Fayilo ya mawu ili ngati kalata ya mu envulopu. Envulopuyo mumaizindikira ndi zilembo zija zakumapeto kwa dzina: .m4a, .ogg, .mp4, .mov. Akatswiri amaitcha container. Kalata ya mkatiyo inalembedwa m'chilankhulo chake, ndipo chilankhulocho ndiye codec: AAC, Opus, Vorbis, MP3. Pulogalamu ikhoza kutsegula envulopu koma n'kulephera kuwerenga kalatayo. N'chifukwa chake nthawi zina vidiyo imalowa, chithunzi chikuoneka, koma mawu zii.

Ndiye pali anzathu ena amene amangosintha dzina, .opus kukhala .mp3, n'kumati asintha fayilo. Ayi ndithu. Mwangolemba zina pa envulopu, kalata ikadali yomweija. Mukafuna kudziwa zimene zilidi mkati, tsegulani fayiloyo ndi pulogalamu ya MediaInfo. Ndi yaulere, ndipo ikuuzani codec, sample rate (kuchuluka kwa ma sample, tizidutswa ta mawu, pa sekondi iliyonse) ndi bitrate (kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse) pa tsamba limodzi.

Fayilo yanga yakana ija ndi uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Mauthenga amenewa amakhala a Opus, codec imene inakhazikitsidwa mu 2012. Ndi yabwino kwambiri potumiza mawu pa intaneti, kungoti si mapulogalamu onse okonzera vidiyo amene amailandira. Ngakhale AAC, imene ili pafupifupi mu vidiyo iliyonse yojambulidwa pa foni, pulogalamu yokonzera vidiyo ya DaVinci Resolve ya pa Linux siiwerenga, pomwe ya pa Windows ndi pa Mac imaiwerenga. Nayo Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, imafuna muyambe mwaiikira FFmpeg, chida chosinthira mafayilo a mawu ndi vidiyo, kuti itsegule fayilo ya .m4a.

Koma fayilo yokana kulowa yakukomerani mtima, chifukwa yakuuziranitu. Yoopsa ndi imene imalowa mwakachetechete n'kukakuvutitsani kutsogolo.

[Pa sikirini: munthu akulankhula, milomo ndi mawu zikusemphana.]

Taonani milomo ya munthuyu. Kumayambiriro zonse zimayendera limodzi. Tafika pa mphindi 20, mlomo ukutsogola, mawu akubwera pambuyo. Chachitika n'chiyani?

MP3 ndi AAC sizisunga mawu monga mmene maikolofoni inawamvera. Zimawafinya. Zimataya timawu timene khutu silingamve bwino, monga kamawu kakang'ono kamene kaphimbidwa ndi phokoso lalikulu, ndipo zotsalazo zimazimanga m'timitolo. Kamtolo kamodzi ka MP3 kamakhala ndi ma sample 1,152, ka AAC 1,024. Munthu womvera nyimbo alibe nazo vuto zimenezi, nyimbo imangoyenda kuchokera koyambira mpaka kothera. Koma inu wokonza vidiyo simuyenda choncho. Mumadumpha, mumabwerera m'mbuyo, mumadula pakati penipeni pa liwu. Nthawi iliyonse mukatero, pulogalamu imayenera kupeza kamtolo koyenera, kukamasula, kenako n'kupeza malo mwadulawo.

Timitoloti tikakhala tofanana kukula, zimene amati CBR, kuwerengetsa malo n'kosavuta. Koma MP3 zambiri ndi za VBR: pamene pali phokoso lambiri kamtolo kamakula, pamene pali bata kamachepa. Fayilo yotere imadalira kachidziwitso kolembedwa kumayambiriro kwake konena kutalika kwa mawu onse. Kachidziwitsoko kakasowa kapena kakalakwika, pulogalamu imangoganizira, ndipo kuganizirako ndi kumene kumasemphanitsa milomo ndi mawu. Nthawi zinanso mumapeza mawu adukira panjira asanathe.

Palinso kena kamene ambiri sakadziwa. Makina ofinya mawu amaika kabata kakang'ono kumayambiriro kwa fayilo. Pa AAC ya Apple kabatako ndi ma sample 2,112. Pa 48 kHz, kutanthauza ma sample 48,000 pa sekondi, amenewo ndi mamilisekondi 44. Vidiyo ya mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi, fulemu imodzi imatenga mamilisekondi 40. Choncho pulogalamu ikapanda kuchotsa kabatako, mawu anu achedwa kale ndi fulemu yathunthu musanagwire chilichonse. Pa nyimbo yapansipansi simungazindikire. Koma pa munthu akuwomba m'manja, kapena chitseko chikumenyetsedwa, diso limaona.

Za sample rate ndingodutsa mwachangu. Nyimbo zambiri ndi za 44.1 kHz, muyezo wochokera ku ma CD. Vidiyo imayendera 48 kHz. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amagwirizanitsa okha, koma ikalakwitsa n'kuwerenga ya 44.1 ngati ya 48, mawu amathamanga, a ola limodzi n'kutha m'mphindi 55, ndipo bambo wa besi amayamba kumveka ngati kamnyamata.

[Pa sikirini: foda yatsopano ikupatsidwa dzina loti "mawu_wav".]

Mankhwala a zonsezi ndi amodzi, ndipo ine sindiyamba ntchito ndisanamwe. Fayilo iliyonse ya mawu ofinyidwa, isanaponde pa timeline, isandutseni WAV ya 48 kHz. WAV inapangidwa ndi Microsoft ndi IBM mu 1991, ndipo kawirikawiri mkati mwake mumakhala PCM, mawu osafinyidwa. Mulibe timitolo, mulibe zomasula, sample iliyonse ili pamalo pake. Palibe pulogalamu yokonzera vidiyo imene ingakane. A pa Mac, AIFF imagwira ntchito yomweyo.

Njira yosavuta ndi Audacity: tsegulani fayilo, itulutseni ngati WAV, sankhani 48000. Koma ine ndimakonda FFmpeg, chifukwa imadya chilichonse mungaipatse. Musaope sikirini yakudayi, ndi mzere umodzi wokha.

[Pa sikirini: ffmpeg -i uthenga.opus -ar 48000 -c:a pcm_s24le uthenga.wav]

Pamene pali -i mukutchula fayilo yolowa. Pa -ar 48000 mukulamula sample rate. Kenako pcm_s24le, kutanthauza mawu osafinyidwa a 24-bit. Dzina lomalizalo ndi la fayilo yatsopano. Dinani Enter, masekondi angapo yatha.

Nanga ngati mawu ovutawo ali mkati mwa vidiyo? Apa samalani, musafinyenso chithunzi pachabe.

[Pa sikirini: ffmpeg -i vidiyo.mp4 -c:v copy -c:a pcm_s16le vidiyo.mov]

Mawu oti copy akuuza FFmpeg kuti chithunzi asachikhudze, angochisamutsa momwe chilili. Mawu okha ndi amene akusinthidwa. Ndipo ndasankha .mov dala, chifukwa envulopu imeneyi imanyamula PCM popanda kunyinyirika.

Ndikudziwa funso likubwera: malo. Inde, WAV ndi yolemera. Mphindi imodzi ya sitiriyo pa 48 kHz ndi 24-bit imadya pafupifupi 17 MB, pomwe MP3 ya 128 kbps sifika ndi 1 MB yomwe. Koma tayerekezani ndi vidiyo yanu ija, imene ikudya ma GB ambirimbiri. Mawu ndi kadontho chabe. Chokhacho choti mukumbukire n'chakuti WAV wamba imathera pa 4 GB, zimene zingakhudze okhawo ojambula maola ambiri osaimitsa.

Tsono pano ndimvetsereni bwino, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Kusandutsa MP3 kukhala WAV sikuwongolera mawu ngakhale pang'ono. Zimene zinatayidwa pofinya zinapita basi, fayilo yangonenepa koma mawu ndi omwewo. Phindu lake n'lakuti simukutayanso zina. Mukatenga Opus n'kuisandutsa MP3 kuti ilowe, kenako n'kutulutsa vidiyo ya AAC, mwafinya katatu, ndipo mukaikweza pa YouTube aifinyanso kachinayi. Zili ngati fotokope ya fotokope ya fotokope, zilembo zimanka zifufutika. Pa mawu mumamva ma "s" akuchita shii, ndipo nyimbo imamveka ngati ikuimbidwa pansi pa madzi. Masamba a pa intaneti osinthira mafayilo aja ambiri amakukankhirani ku MP3, ndiye onetsetsani zimene mwasankha. Ndipo ngati ndi mawu a munthu amene munamufunsa mafunso, ganizirani kaye musanawatumize ku kompyuta ya anthu osawadziwa.

Ngati muli ndi mwayi wosankha pojambula, jambulani WAV kuchokera pachiyambi. Wina akafuna kukutumizirani mawu, mupempheni atumize WAV kapena FLAC. FLAC imafinya popanda kutaya kanthu, mukaimasula mumapeza zonse zili momwemo. Pa WhatsApp atumize ngati dokyumenti, osati kujambuliranso pa kabatani ka maikolofoni.

Potulutsa vidiyo yomaliza m'pamene mumafinya, kamodzi kokha. YouTube imalangiza AAC-LC, mtundu wina wa AAC, ndipo pa sitiriyo imatchula 384 kbps. Siyani pa 48 kHz pomwepo.

[Pa sikirini: munthu uja akulankhulanso, koma milomo ikusemphanabe pang'ono.]

Aa, mwaona? Mawu ndasintha kale, koma uyu akusemphanabe. Apa mlandu si wa mawu ayi, ndi wa chithunzi. Mafoni ambiri amajambula mafulemu mosinthasintha, kuwala kukachepa amawachepetsa. Tiyeni tione mu MediaInfo, pa mzere wa frame rate mode... ndi imeneyo, yalembedwa Variable. Iyi ndiyenera kuidutsitsa mu pulogalamu ya HandBrake, ndisankhe Constant Framerate kuti mafulemu asamasinthesinthe, ndiye ndibwerere nayo pa timeline.

[Pa sikirini: fayilo yatsopano ikulowa. Munthu akuwomba m'manja, phokoso likumveka pomwe manja akukumana.]