Mawu a m'mawa: Paulo anayamika mitambo isanachoke

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, a kumudzi ndi a kunja kuno. Mawu athu a lero akuchokera m'buku la Machitidwe a Atumwi 27:20 ndi 33-36, komanso 28:1-3. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani muwerenge nokha musanapitirize.

Paulo anali mkaidi, akupita naye ku Roma pa ngalawa yonyamula tirigu. M'ngalawamo munali anthu 276. Namondwe atawagwera, Luka, amene analemba bukuli, akutiuza kuti panapita masiku ambiri osaona dzuwa kapena nyenyezi, mpaka onse anataya chiyembekezo choti n'kupulumuka. Amalinyero a nthawi imeneyo ankadziwa kumene akulowera poyang'ana kumwamba, choncho mitambo itatseka anangotsala otengeka ndi mphepo. Anthu analeka ndi kudya komwe. Pofika usiku wa 14, kusanache, Paulo anawadandaulira kuti adye. Anatenga mkate, nayamika Mulungu onse akuona, naunyema n'kuyamba kudya. Nthawi imeneyo namondwe anali asanaleke, ngalawa inali isanafike pamtunda, ndipo m'mawa mwake inasweka ndithu. Koma anthu aja ataona munthu mmodzi akudya moyamika, mitima inakhala pansi, nawonso anadya.

Ndikulemba mawuwa ndili ku Glasgow, ku Scotland, ndipo vesi la masiku ambiri opanda dzuwa limamveka msanga kwa aliyense amene wakhalako kuno. A ku Thyolo ndi ku Mulanje mukuchidziwa chiperoni cha mu June ndi July, kamvula kowaza kozizira koti zovala siziuma pachingwe. Ingoganizani chiperoni chomwecho chikubwera mwezi uliwonse. Mvula imagwa pafupifupi theka la masiku a chaka. Chodabwitsa n'choti mukaiyeza yonse ya chaka, siisiyana kwambiri ndi imene imagwa ku Blantyre kwathu, kungoti kwathu imakhuthuka kuyambira November mpaka April kenako n'kutisiyira dzuwa, pamene kuno imabwera pang'onopang'ono osafuna kutsanzika. Mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic imafikira mbali ino ya kumadzulo itasenza chinyezi, n'chifukwa chake Edinburgh, womwe uli chakum'mawa ulendo wa ola limodzi lokha pa sitima, umalandira mvula yocheperapo.

Mu December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, pofika 3:45 masana lalowa kale, ndipo maola 7 amenewo nthawi zambiri limakhala kuseri kwa mitambo. Mlongo amene amasamalira okalamba amanyamuka kuli mdima, n'kuima pa siteji ya basi ambulera itapindidwa ndi mphepo, madzi akulowa m'nsapato. Akaweruka kwada kale. Akafika kunyumba apeza zovala zomwe anayanika pa chitsulo chotenthetsera m'nyumba zikadali zonyowa m'makhwapa, mawindo akuchucha thukuta, ngodya ya khoma yayamba kuda ndi nkhungu. Atsegula foni, aona abale ake ku Salima akudya mango pansi pa mtengo, mtima n'kuwawa. Sabata ikatha chonchi, mwambi uja woti mvula ikakuona litsiro siikata umayamba kumveka ngati ananenera iyeyo.

Ndiye dzuwa likangowala tsiku limodzi mu May, mzinda wonse umasanduka wina. Ku Kelvingrove Park ndi ku Glasgow Green udzu suoneka ndi anthu. Anyamata amavula malaya ngakhale ife tikumvabe kachisanu, agogo amatulutsa mipando pakhomo, anthu osadziwana amapatsana moni pamsewu. Ine chimenechi ndimachikonda, ndipo ndimachiona ngati chidzudzulo kwa ife amene tinakulira padzuwa osaliyamikira ngakhale tsiku limodzi. Mlaliki 11:7 amanena kuti kuwala n'kokoma, ndipo maso amasangalala kuona dzuwa. Anthu a kuno vesi limeneli amalichita ndi thupi lonse, ngakhale amene sanalowepo m'tchalitchi.

Koma masiku otere ndi owerengeka. Nkhawa yanga ili pa masiku enawo, chifukwa ndi amene ali ochuluka, ndipo ndi mmene moyo wathu ukutheramo. Ambiri a ife tinazolowera kunena kuti ndidzayamba kukacha. Ndidzabwerera ku tchalitchi nyengo yozizira ikatha. Ndidzamuyendera m'bale uja kukatentha. Kenako mawu omwewo amasamukira pa zinthu zikuluzikulu: ndidzakhala ndi mtendere mapepala akatuluka, ndidzatumikira Mulungu ngongole ikatha, ndidzasangalala ndikadzamaliza nyumba ya ku Area 25. A kumudzi nanunso muli nayo mitambo yanu, ya fetereza wokwera mtengo, ya fizi, ya matenda osachoka pakhomo. Mlaliki yemweyo, pa vesi 4, anachenjeza kuti woyang'ana mphepo sadzafesa, ndipo wopenya mitambo sadzakolola. Munthu atha kukhala mumzinda uno zaka 10 akungodikira kuti kuche, ana n'kukula osamuonapo akuseka.

Zimaonekera bwino alendo akabwera. Mayi abwera kudzaona zidzukulu kwa masabata ochepa, ndiye m'mawa uliwonse asuzumira pawindo n'kunena kuti tiyeni tidikire ikate. Kwathu nzeru imeneyo ndi yoona, chifukwa mvula ya masana imagwa ndi mabingu, pakapita ola limodzi kwayera. Kuno mukadikira mudzakwera ndege yobwerera musanaone mtsinje wa Clyde. Eni dziko amavala jekete yosalowa madzi n'kutuluka, mwana ali m'kangolo kokutidwa ndi pulasitiki. Choncho mlendo wanu mugulireni jekete ndi nsapato zabwino, mupite naye ku nyumba yosungiramo zakale ya Kelvingrove, polowa salipiritsa. Mukwere naye sitima mukaone Blantyre wa kuno, kamudzi ka m'mbali mwa Clyde komwe David Livingstone anabadwira mu 1813 n'kuyamba kugwira ntchito mufakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ankalowa m'mamawa n'kuweruka usiku, kenako n'kupita kusukulu ya madzulo. M'miyezi yozizira mwana ameneyo dzuwa ankaliona liti? Koma mabuku ankawerengabe.

Tibwerere kwa Paulo. Chimene chimandigwira mtima n'choti sanawanamize anthu aja kuti kunja kuli bwino. Anawauza poyera kuti ngalawa iwonongeka, koma moyo wa munthu sutayika, chifukwa Mulungu amene iye ankamutumikira anali atamuuza choncho. Ndipo anawapatsanso uphungu wa thupi: idyani, kuti mukhale ndi mphamvu. Tisachite manyazi ndi zimenezi, abale. Mdima wautali umafooketsa thupi ndi maganizo omwe. Azaumoyo ku Scotland amalangiza anthu kumwa vitamini D wokwana ma microgram 10 tsiku lililonse, makamaka kuyambira October mpaka March, ndipo ife a khungu lakuda amatilangiza kumwa chaka chonse, popeza khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitamini ameneyu. Ngati mwakhala masabata mukungofuna kugona, chakudya chosakoma, misozi ikungobwera yokha, pempherani ndithu, ndipo mukatero mukaonane ndi dokotala, muuzenso munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Amene angakuuzeni kuti kutero n'kuchepa chikhulupiriro sanawerenge bwino chaputala chimenechi.

Palinso china chimene mvula ya kuno imachita anthu asakuona. Kumpoto kwa mzinda, m'mapiri a Trossachs, kuli nyanja yotchedwa Loch Katrine. Kale anthu a ku Glasgow ankamwa madzi a m'zitsime ndi a mu Clyde, ndipo kolera inapha anthu miyandamiyanda mu 1832 ndi mu 1848. Atatopa ndi maliro, anaboola mapiri n'kumanga ngalande yotalika makilomita oposa 40, imene Mfumukazi Victoria anatsegulira mu 1859. Madzi amatsika okha kuchokera kumapiri mpaka kufika mumzinda, ndipo mpaka lero anthu ambiri a kuno amamwa omwewo. Mvula imene tinaidandaula pa siteji ya basi mwezi watha ndi yomwe tatunga pampopi m'mawa uno kuti tiphike phala. Sindikunena kuti vuto lililonse lili ndi phindu lobisika lomwe tidzaliona ndi maso. Pali zowawa zina zimene tidzazimvetsa tikadzafika kwa Atate basi. Koma zilipo zambiri zimene Mulungu akutisungira m'masiku omwe ife tikuwayesa otayika, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti tinyeme mkate moyamika lero.

Atapulumuka onse, anapezeka ali pa chilumba cha Melita, chomwe lero chimatchedwa Malta. Taonani, kumenekonso anafikira mumvula ndi m'chisanu. Eni chilumba, anthu osadziwa n'komwe chilankhulo chawo, anasonkha moto n'kuwalandira onse. Ndipo Paulo, munthu wachikulire, mkaidi, wonyowa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anapita kukatola nkhuni kuti moto usazime. Akanatha kukhala pansi n'kumaotha, palibe akanamunena. Njoka inamuluma padzanja ali pa ntchito yomweyo, iye n'kuikutumulira pamoto, osapwetekeka. Anakhala pachilumbapo miyezi itatu akupempherera odwala, kudikira nyengo yoti ngalawa n'kuyendanso.

Lero pali wina pafupi nanu amene wafika kumene. Mwina ndi wophunzira amene wabwera mu September ndi kajuzi kamodzi, sakudziwa kogula ufa, ndipo akuopa kuyatsa chotenthetsera poganizira bilu ya gasi. Mwina ndi agogo a khomo loyandikana ndi lanu, mzungu wokhala yekha amene sanalankhule ndi munthu chiyambire Lamlungu. Muimbireni wophunzirayo, mumuitane adzadye nsima Loweruka, mumupatse jekete imene simukuivalanso. Agogowo agogodereni, muwafunse ngati akufuna mkaka kusitolo. A kumudzi, m'bale wanu ali kunjayu mukamuimbira musayambe ndi za ndalama nthawi zonse. Tsiku lina mungomufunsa ngati wadya, ndiponso ngati ali ndi anzake opemphera nawo.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumawalitsa dzuwa lanu ndi kugwetsa mvula pa olungama ndi osalungama omwe, tikukuyamikani chifukwa cha tsiku la lero monga mmene lachera. Kumbukirani amene akuweruka shifiti ya usiku ndi amene akuthamangira basi yoyamba. Gwirani dzanja amene mtima wawalemera ndipo akusowa womuuza. Amene akudikira mapepala, zotsatira za kuchipatala kapena malipiro ochedwa, apatseni chilakolako cha chakudya ndi tulo tabwino pamene akudikira. Alimi a kwathu apatseni mvula pa nthawi yake, yopanda kukokolola minda ndi nyumba. Tionetseni munthu woti timusonkhere moto lero, ndipo mutipatse mphamvu zopitira kwa iye ngakhale kukugwa mvula. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.